Piritsi la Masana

"Apongozi, malaya awa mwachapira madzi anji?"

A Telala anali ataima pakhomo pa chipinda chawo, atanyamula malayawo ndi zala ziwiri ngati chinthu chotola kudzala. Nasimbi anaimika simbi, n'kupukuta manja pa epuloni.

"Madzi omwe aja a pampopi, bambo. Kwagwanji?"

"Nanga chikasuchi chachokera kuti? Malaya awa anali oyera. Taonani kolalayi. Taonani mikonoyi."

Nasimbi anawalandira ndi manja awiri, napita nawo pawindo. Anawatembenuza uku ndi uku. Malayawo anali oyera mbee, kuyera kothobwa m'maso. Koma sanafune kutsutsana ndi apongozi ake m'mamawa.

"Ndichapanso, bambo," anatero.

Mawuwo anatuluka ofatsa, koma mumtima munali moto. Dzina loti Nasimbi silinangobwera lokha. Anthu anam'patsa chifukwa simbi sinkachoka m'manja mwake. Ankachapa ndi kusita zovala za anthu pakhomo pomwepo: mayunifolomu a anamwino, malaya a operekera zakudya m'mahotela, makatani ndi nsalu za pathebulo. Munthu wotere ukhoza kumunena kuti ndi wamfupi, ukhoza kumunena kuti saseka, iye n'kungokuyang'ana. Koma kumuuza kuti choyera chake chachita chikasu, kumeneko ndi kumuponda pachilonda. Ndipo wonenayo sanali munthu wamba. A Telala anakalambira pa makina osokera, ndipo diso lawo linali lodziwika. Ankayang'ana nsalu kamodzi kokha, n'kusolola m'bokosi ulusi wofanana nayo osayerekeza n'komwe.

Anachapanso malayawo. M'mawa mwake a Telala anati chikasu chafika mpaka pa nsalu za pabedi.

M'nyumbamo ankakhala awiriwiri. Mwamuna wa Nasimbi, mwana woyamba wa a Telala, anali dalaivala wa malole a maulendo ataliatali, ndipo kunyumba ankafika ngati mlendo. Choncho pamene mtima wa nkhalambayo unayamba kugunda mosalongosoka, miyendo n'kutupa, anali Nasimbi amene anawaperekeza kuchipatala, ndipo anali Nasimbi amene anapatsidwa kabotolo ka mankhwala. Munali timapiritsi toyera, tochepa ngati njere za mpunga. Namwino anamugwira dzanja pomupatsa.

"Limodzi patsiku, mayi. Osaphonya, osawonjezera."

Nasimbi anaika kabotoloko pa shelefu ya pamwamba pa thebulo lositira, pafupi ndi sitachi. M'mawa uliwonse akangolumikiza simbi kumagetsi, poidikira kuti itenthe, ankatenga piritsi limodzi ndi kapu ya madzi kupita nazo kwa apongozi ake. Kuti aiwale piritsi anafunika ayambe waiwala simbi, ndipo zimenezo sizikanatheka. Mankhwalawo anagwiradi ntchito. Miyendo inaphwa, mpweya unabwerera, a Telala mpaka anavundukula makina awo n'kuyambanso kuika zigamba ndi mabatani pa zovala zimene Nasimbi ankachapa.

Koma panali munthu wachitatu, wobwera masana.

Ameneyu anali mlamu wake wa Nasimbi, mwana womaliza wa a Telala, amene bambo ake ankangomutchula kuti Chitsiriza ngakhale anali mayi wamkulu wokhala ndi saluni yakeyake. Azimayi awiriwa sankalankhulana. Chiyambi chake chinali pa maliro a mkazi wa a Telala, amene anadwalira m'nyumba yomweyo, m'manja mwa Nasimbi. Tsiku limenelo Chitsiriza, maso ali psuu ndi kulira, ananena anthu akumva kuti amayi ake akanadwalira m'manja mwa mwana wawo wobala bwenzi ali moyo. Nasimbi anangowameza mawuwo, ndipo anakhala pamtima pake ngati mwala. Kuyambira pamenepo ngakhale moni anatha.

Anthu osalankhulana amagwirizana modabwitsa. Popanda kupangana, awiriwa anakonza ndondomeko yawo imene sinkaphonyeka. Masana geti likangolira, Nasimbi ankanyamula beseni la zochapa kutulukira khomo lakuseri, kukayanika. Ankayanika pang'onopang'ono, kuwongola ngodya iliyonse, mpaka geti lilirenso. Akabwerera m'nyumba ankapeza fungo la mafuta a tsitsi, nkhope ya apongozi ake ili ngwee ndi chimwemwe, ndi kapu yotsala madzi pang'ono pa katebulo. Kapuyo ankaitsuka mokwiya tsiku ndi tsiku. Mumtima ankati, munthu wodziwa kusamala makolo chonchi, kutsuka kapu yokha kumukanika.

Nkhani ya chikasu itayamba, zina zinatsatira. A Telala anayamba kubweza mbale chakudya chili chodzaza. Phala ankangolinyambita. Tiyi, amene kale ankamwa ngati ngamila, tsopano ankati akuwachititsa nseru. Ankagona masana onse, ndipo tsiku lina anafunsa chifukwa chake babu la m'chipinda lavala mkombero ngati mwezi.

Masana ena Nasimbi ali kuseri ndi beseni lake, anamva mawu a mlamu wake akutulukira pawindo. Anali mawu okwezedwa dala kuti afike pachingwe choyanikira.

"Bambo, mwatha chonchi! M'nyumba muno mumadya koma?"

"Ndimadya, Chitsiriza. Kungoti chakudyacho n'chimene chikundikana ine."

"Eya. Amayinso anayamba chonchi."

Nasimbi anagwira chingwe ndi manja onse awiri. Sikuti anapsa mtima kokha ayi, anachita mantha. Nkhalambayo inkatha iye akuona, ndipo ikanamwalira m'manja mwake ngati mkazi wake uja, panalibe sopo wochotsa dzina limene anthu akanam'patsa. Koma choposa dzina, iye ankawakonda a Telala. Anali munthu amene pa maliro paja, anthu onse akumuyang'ana cham'mbali, anabwera kudzakhala pafupi naye osanena kanthu.

Madzulo ake anaimbira foni mwamuna wake. Kumbuyo kunkamveka injini.

"Mankhwala akumwa?" anafunsa mwamunayo.

"Sindinaphonyepo."

"Ndiye mwina ndi ukalamba chabe. Walankhula naye mlongo wanga?"

"Mukudziwa kale yankho lake."

"Inu akazi awiri mudzandipha ndisanakalambe. Ndikafika tidzawatengera kuchipatala."

"Mufika liti?"

Foni inangoti zii, kaya ndi netiweki kaya ndi mwini wake.

M'mawa wotsatira, simbi ikutentha, Nasimbi anakhuthulira piritsi m'dzanja lake, ndipo anatuluka awiri. Anawayang'ana nthawi yaitali. Tinthu tochepa chonchi, pa munthu wamkulu ngati uja. Mwina matenda akula, mankhwala achepa mphamvu. Pa ntchito yake, banga likakana umawonjezera sopo, ndipo palibe chovala chinafapo ndi sopo. Anayenda mpaka pakhomo pa chipinda ali nawo onse awiri m'manja. Pamenepo anakumbuka kugwira kwa dzanja la namwino uja, kulimba kwake. Anabwerera, nabwezera limodzi m'botolo.

Tsiku limenelo a Telala anadzikoka kufika pa makina. Panali yunifolomu ya namwino wina imene batani lake linathothoka pochapa, ndipo iwo anati ntchito imeneyo sangaisiyire munthu wina. Nasimbi anawasiya akusankha ulusi. Dzuwa litakwera anabwera kudzatenga yunifolomuyo kuti aisite, ndipo anaima nayo chilili.

Batani linasokedwa bwino, molimba, mwa ukatswiri wa masiku onse. Koma ulusi wake unali wachikasu, chikasu chowala ngati cha dzira, pa nsalu yoyera.

"Bambo, ulusi uwu ndi wamtundu wanji?"

"Wofanana ndi nsaluyo. Nanga mukuona bwanji?"

Masiku onsewa Nasimbi ankayesa nkhalambayo yayamba kumunyoza, kapena mwana wawo wawathira mawu m'makutu. Koma munthu sanyoza mnzake ndi ntchito ya manja ake omwe. A Telala sakananamizira pa ulusi. Chikasucho sichinali pa malaya, chinali m'maso mwawo.

"Bambo, tiyeni kuchipatala. Lero lomwe."

"Aa, za chipatala n'zachani, ine ndangotopa," anatero a Telala akudzuka. Anaponda kamodzi, mawondo n'kupinda. Nasimbi anawawakha asanafike pansi. Iwo anasanza pa epuloni yake, thukuta lozizira lili kamukamu pamphumi. Nasimbi ataika dzanja pachifuwa pawo, anamva mtima ukugunda motalikitsa, ngati mpopi wodontha.

Nthawi yomweyo geti linalira.

Beseni linali pamalo pake pafupi ndi khomo lakuseri, koma tsiku limenelo linakhala pomwepo.

"Alamu! Thamangani mukaitane galimoto!" anakuwa Nasimbi.

Chitsiriza anaima pakhomo, chikwama chili pamkono. "Mwawatani bambo anga?"

"Mudzanditukwana tikafika. Galimoto!"

M'galimotomo anakhala kumbuyo onse atatu, nkhalamba pakati. Wina anagwira dzanja lamanja, wina lamanzere, aliyense akuyang'ana pawindo lake.

Dokotala amene anawalandira anali mayi wa magalasi, wooneka kuti wagwira ntchito kuyambira mbandakucha, koma wosapupuluma. Anamvetsera pachifuwa, nagwira pamkono akuyang'ana wotchi, nauza namwino kuti amate timawaya pachifuwa pa wodwalayo. Nasimbi anafotokoza zonse: nseru, tulo, babu lovala mkombero, ulusi. Atatchula ulusi, dokotalayo anatukula mutu.

"Bambo, chovala ndavalachi ndi chamtundu wanji?"

A Telala anatsegula diso limodzi. "Chachikasu. Ndipo amene anakusokerani anakuberani, mapewawo sanakhale."

Namwino anabisa kuseka. Dokotala sanaseke.

"Akumwa mankhwala anji?"

Nasimbi anatulutsa kabotolo kaja m'thumba la epuloni. Anali atakatola potuluka, iye mwini osadziwa kuti watola nthawi yanji. Dokotala anawerenga, nagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza chimene ankayembekezera.

"Amawapatsa ndani?"

"Ine," anayankha azimayi awiri nthawi imodzi.

Kwa nthawi yoyamba chichitikire maliro aja, Nasimbi ndi mlamu wake anayang'anana m'maso.

"Inu mumawapatsa chiyani?" dokotala anafunsa Chitsiriza.

Chitsiriza anatsegula chikwama, natulutsa kabokosi kokongola ka mizere yobiriwira. Dokotala anakaika pambali pa kabotolo, naloza ndi cholembera timalemba tating'ono ta pansi.

"Bokosi ndi lina, dzina lalikululi ndi lina, kampani ndi ina. Koma mankhwala ake ndi amodzimodzi. Inu m'mawa?"

"M'mawa," anatero Nasimbi.

"Inu masana?"

Chitsiriza anavomera ndi mutu.

"Lero mwawapatsa kale?"

"Ayi. Ndimati ndiwapatse ndikangolowa."

"Ndiye muthokoze kuti anagwa musanalowe."

Chitsiriza anakhala pansi pa mpando umene sanauone n'komwe. Mawu anayamba kutuluka okhaokha. Anati atatuluka bambo ake m'chipatala ulendo woyamba uja, iye anajambula pafoni chikalata cha mankhwala. Tsiku lina anawafunsa ngati amwa, iwo n'kuyankha kuti sakukumbukira. Iye mtima unamuuza kuti basi, zayambanso zija, akuwalekerera. Anapita kogulitsa mankhwala, naonetsa chithunzicho, nagula akeake.

"Simunafunse amene amakhala nawo?" anatero dokotala.

Dokotala anayang'ana uyu, nayang'ana uyo, ndipo sanafunsenso.

"Ndinkati ngakhale atamwa awiri," Chitsiriza anapitiriza motsitsa, "kanthu kochepa ngati kameneko kangatani? Ine mutu ukandipweteka ndimamwa awiri."

"Musamukalipire mwanayo, adokotala," anatero a Telala ali chigonere. "Ine ndinkadziwa kuti ndi amodzi. Ndinkati chowonjezera sichipweteka. Pa ntchito yathu nsalu timadula mopitirira pang'ono, chotsala timapindira m'kati."

Dokotala anakoka mpando, nakhala pafupi ndi bedi.

"Mwanena zoona, bambo, mankhwala ena ali ndi popindira. Mukapitirira pang'ono thupi limakukhululukirani, ngakhale amenewonso ali ndi malire ake. Koma awa alibe popindira. Mukachepetsa sagwira ntchito, mukawonjezera pang'ono amasanduka poizoni. Pakati pa mlingo wochiza ndi mlingo wopha, mpata wake ndi wopyapyala ngati ulusi wanu. Ndiye impso za munthu wamkulu zimachotsa mankhwala pang'onopang'ono. A dzulo asanatuluke, mwathira ena awiri. Akhala akuunjikana m'magazi mpaka afika m'maso. Akanapitirira pamenepa akanaimitsa mtima womwe amayenera kuuthandizawo."

Anati awatenga magazi kuti aone kuchuluka kwake, awagoneka, ndipo mankhwalawo aimitsidwa mpaka thupi litayera. Sanalonjeze kanthu. Anangoti masiku oyambirira ndiwo oopsa.

Azimayi awiriwo anatulutsidwa kukakhala pa benchi la m'khonde. Chitsiriza anaika nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. Nasimbi anakhala kumapeto kwina, epuloni yake yonunkha ataipinda pamiyendo.

Kunena zoona, chinthu choyamba chimene Nasimbi anamva mumtima sichinali chisoni. Chinali kupepukidwa, kupepukidwa koipa, kotsekemera. Si ine. Ndipo mawu aja a pa maliro, amene anawasunga nthawi yonseyi, anakwera okha kufika pakhosi, okonzeka kubwezedwa kwa mwini wake. Akanangoti, nanga lero adwalira m'manja mwa ndani? Mawu ochepa chabe, ngongole yonse n'kutha. Anatsegula pakamwa.

Kenako anakumbuka kapu ija. Kapu yotsala madzi pang'ono, pa katebulo, masana aliwonse. Munthu wobwera kudzacheza samwetsa bambo ake madzi tsiku ndi tsiku popanda chifukwa. Iye anaigwira kapuyo ndi manja ake, kuitsuka, kuipukuta, kuitukwanira mumtima, koma osafunsa ngakhale kamodzi kuti ndi ya chiyani. Kufunsa kukanafuna kuti alankhule. Anakumbukanso mapiritsi awiri aja m'dzanja lake m'mawa womwewo, ndi pamene anafika nawo. Anatseka pakamwa.

Anapisa m'thumba, natulutsa kampango koyera kositidwa bwino, nakakankhira pa benchi mpaka pakati. Patapita nthawi dzanja la mlamu wake linakatenga.

Masiku otsatira ankakumana pa benchi lomwelo nthawi yoona odwala. Sankacheza, koma wina akabwera ndi tiyi m'fulasiki ankabwera ndi makapu awiri. Mwamuna wa Nasimbi ankaimba m'mawa ndi madzulo, lole yake itatsekeredwa kutali ndi katundu wa eni ake. Pang'onopang'ono mtima wa a Telala unayamba kugunda mwa nthawi yake. Anapempha phala, kenako anadandaula kuti ndi lamadzimadzi, ndipo anamwino anati wodwala akayamba kunyoza chakudya ndiye kuti wachira.

Masana ena, onse awiri ali pambali pa bedi, Chitsiriza anafunsa chimene chinkamudya.

"Bambo, munkadziwa kuti mwamwa kale m'mawa. Bwanji osandiuza? Bwanji munkangotambasula dzanja?"

A Telala anayang'ana kudenga kwa kanthawi, zala zawo zikusewera ndi mpendero wa bulangeti ngati zikuufufuza msoko.

"Chimwalirire amayi ako, unkabwera kangati kunyumba kuja?"

A Telala anapitiriza okha.

"Unkaimba foni. Mwezi n'kutha, mwezi wina n'kutha. Ndiye tsiku lina ndangoona wafika ndi kabokosi, mawa wafikanso, mkuja wafikanso. Ukukhala pansi, ukundiuza za makasitomala ako, ukundiseketsa. Ndikanati ndamwa kale, mwana wanga, ukanabweranso mawa lake?"

Chitsiriza anagwira pakamwa.

"Ndipo inu apongozi ndikanakuuzani, mukanati sakukukhulupirirani, moto n'kuyakanso. Ndinaona kuti chapafupi n'kungomeza. Kanali kanthu kochepa."

Nasimbi anayang'ana pansi. Anamva manyazi amene sanawamvepo chibadwire. Akuluakulu awiri, a mano onse m'kamwa, anasiya nkhalamba yodwala mtima kuti izimeza mkangano wawo masana aliwonse ndi kapu ya madzi.

Tsiku lotuluka, dokotala wa magalasi uja anawaitana onse. Pathebulo panali kabotolo katsopano. Anati magazi ayera, ndipo ayambiranso ndi mlingo wocheperapo, woyenerana ndi impso zawo, ndipo azibwera kudzapimitsa magazi. Kabokosi ka mizere yobiriwira ndi kabotolo kakale anazitsekera m'dirowa yake.

"Botolo limodzi, malo amodzi, dzanja limodzi," anatero. "Sindikufuna kudzamvanso 'ine' kawiri. Amene amakhala nawo m'nyumba ndi inu, eti?"

Anakankhira kabotoloko kwa Nasimbi. Chitsiriza sanatsutse. Anali atayang'ana pazala zake, ndipo Nasimbi anaona pankhope pake kuti munthuyu sadzapondanso pa geti lija. Manyazi adzamutsekera kunja kuposa mmene mkwiyo unkachitira. Anaonanso kuti a Telala aona zomwezo.

Nasimbi anakatenga kabotoloko, nakatembenuza m'manja. Kanali kake. Anakagwirira ntchito, sanaphonyepo, ndipo dokotala anakapereka kwa iye pamaso pa amene anamunyoza. Piritsi la m'mawa, simbi ikutentha, linali gawo la tsiku limene iye ankalikonda.

"Adokotala, kodi amayenera kumwa m'mawa basi? Masana sizingatheke?"

"Nthawi iliyonse, bola ikhale yomweyo tsiku lililonse."

"Ndiye azimwa masana. Aziwapatsa alamu angawa."

Chitsiriza anadzidzimuka. "Ine ayi! Ine ndinatsala pang'ono kuwapha. Sindikhudzanso."

"Tinatsala pang'ono tonse," anatero Nasimbi. "Botolo lizikhala pa shelefu yanga, silituluka m'nyumba. Inu muzibwera, muzitsegula ine ndikuona. Tsiku limene simutha kubwera, muziimba, ndiwapatse ine. Mukapanda kuimba ndikuimbirani, ndipo sindisiya mpaka muyankhe."

Dokotala anawayang'ana pamwamba pa magalasi. "Zimenezo zitheka pokhapokha ngati muzilankhulana tsiku lililonse."

"N'chifukwa chake," anatero Nasimbi.

Chitsiriza ananena motsitsa, "Nambala yanu ndinafufuta, alamu."

"Ndikudziwa. Yanunso ndinafufuta. Tulutsani foni."

M'mawa wotsatira Nasimbi analumikiza simbi kumagetsi, dzanja lake n'kupita lokha pa shelefu. Analibweza. Anaima pamenepo wopanda chochita mpaka simbi itatentha, ndipo kanthawi kameneko kanamutalikira.

Dzuwa litafika pamutu, a Telala anatuluka m'chipinda atavala malaya oyera aja, atamanga mabatani mpaka pakhosi ngati opita kuukwati. Anakhala pa mpando wawo, nayang'ana mkono wa malayawo nthawi yaitali, akuutembenuzira kuwindo.

"Apongozi, mwasintha sopo?"

"Ayi, bambo. Ndi malaya omwe aja. Chichokere inu sindinawakhudze."

A Telala anangoti, "Hmm," n'kusisita kolalayo ndi chala. Nasimbi anadziwa kuti kupepesa kwawo kwathera pamenepo, ndipo kunamukwanira.

Geti linalira. Beseni la zochapa linali pafupi ndi khomo lakuseri, lodzaza, likudikira. Nasimbi analilambalala, natenga kapu, naitsuka, nathiramo madzi. Kenako anapita yekha kukatsegula chitseko chakumaso.